Tambula Yobenthuka

1

Ndiyambe ndi kunena kuti amuna anga si chidakwa. Mwina zikanakhala bwino akanakhala chidakwa, chifukwa mkazi wa chidakwa amadziwa chimene akulimbana nacho, ndipo amayi anzake amamumvera chisoni. Ine ndinakwatiwa ndi munthu amene amatha kukhala ndi tambula imodzi ya mowa masana onse, akungoinunkhiza ngati mayi wokayikira thewera la mwana.

Dzina langa ndine Pauline, ndimakhala pa boma la Ntcheu. Amuna anga, a Obed, ali ndi malole onyamula kachewere kuchokera kumapiri kupita naye ku Blantyre, koma asanayambe bizinesi imeneyi anagwirapo ntchito mu bala ya hotela ina ku Cape Town. Kumeneko ndi kumene anakatola chikondi cha wisiki. Osatinso wisiki wamba, koma amene iwo amamutcha singo moti, wophikidwa ndi balere yekhayekha pa fakitale imodzi, kenako n'kugonekedwa m'migolo ya mitengo kwa zaka zambiri ku Scotland uko. Atabwerera kumudzi anasonkhanitsa anzawo ochepa n'kuyambitsa kalabu yolawa mowa umenewu. Ife akazi awo tinkangowatcha kuti a Mphuno.

Ankakumana Loweruka lomaliza la mwezi pakhonde lathu lakuseri, ndipo malamulo awo anali okhwima kuposa a kusukulu ya mishoni. Tsiku limenelo panalibe kudzola zonunkhira, panalibe kusuta, ndipo ine sindinkaloledwa ngakhale kukazinga anyezi. Membala mmodzi ankabweretsa botolo atalilowetsa m'sokosi kuti anzake asaone dzina, n'kulipereka kwa ine kukhitchini, popeza wothira ankayenera kukhala munthu wa kunja kwa kalabu. Asanalawe ankayamba anunkhiza, ndipo woyamba kulankhula ankakhala wapampando, amene anali a Obed.

Sindinama, ndinkawanyadira. Ankatseka maso, mphuno ili m'tambula, n'kunena kuti uyu ndi wa kuzilumba chifukwa ali ndi utsi, kapena kuti uyu anagona mumgolo momwe munali vinyo. Ine ndikavula sokosi n'kupezeka kuti alondola, a Silvester, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, ankaomba m'manja n'kumati mphuno imeneyi boma likanaika mlonda woti aziilondera. Ndinkaima pakhomo la khitchini, sokosi ili m'manja, mtima uli mbee.

2

Christobel analowa m'kalabumo chaka chimene a Obed anadwala Kovidi n'kuchira, misonkhano itangoyambiranso. Ndi mayi wa sitolo ya mankhwala pafupi ndi pokwerera mabasi, wamtali, wosakwatiwa, wolankhula motsitsa mawu moti mwamuna aliyense amachita kuwerama kuti amumve. Amene anamubweretsa anali amuna anga omwe.

Madzulo a tsiku loyambalo ndinawafunsa ngati amuna okonda mowa atha pa Ntcheu pano. Anandiyankha kuti mphuno ilibe kuti iyi ndi ya mwamuna, iyi ndi ya mkazi, ndipo anatenga nyuzipepala n'kudzitchinga nayo.

Wothira mowa amaona zambiri, chifukwa palibe amene amamuyang'ana. Mwezi wachiwiri ndinayamba kuona kanthu. A Obed akanunkhiza, asanatsegule pakamwa, maso awo ankayamba apita kwa Christobel. Iyeyo nthawi zina ankagwira ndolo yake, nthawi zina ankaseweretsa mkanda wa m'khosi, apo ayi ankadzisisita tsitsi, ndipo akatero m'pamene amuna anga ankayamba kulankhula. Nthawi yake yolankhula ikafika, mayiyo ankangoti, "Ndi momwemo, a wapampando, mwanena zonse." Enawo ankatsutsana mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, wina akuti akumva uchi, wina akuti ayi ndi mphesa zouma. Awiriwa okha sanasemphanepo ngakhale kamodzi.

Nsanje inandilowa ngati chiswe, pang'onopang'ono, kunja kukuoneka bwinobwino. Ndinayamba kudziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Ndinagula perefyumu kwa mayi wina amene amaoda katundu ku Joni, ndipo Lolemba m'mawa ndinadzipopera m'khosi n'kukaima pafupi ndi iwo akumwa tiyi.

"Bambo a Atikonda, simukuona chachilendo?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti bulauzi yandikhala bwino. Bulauziyo ndinali nayo chibadwire Atikonda, mwana wathu amene panopa ali ku koleji. Munthu amene kale ankadziwa akungolowa pakhomo kuti ndasintha sopo, tsiku limenelo anayamikira bulauzi. Ndinapita kuchipinda n'kukalira, ndipo ndinadziuza kuti mphuno yawo ikadali yakuthwa, kungoti yapeza kwina konunkhiza.

3

Lachinayi lina masana ndinapita kwa telala wanga amene amasokera kuseri kwa masitolo. Ndikutuluka ndinaona galimoto ya amuna anga itaima pansi pa mtengo, kuseri kwa sitolo ya mankhwala ija. M'mawa anali atandiuza kuti akupita ku Kasinje kukaonana ndi alimi.

Kumaso sitoloyo inali yotseka, ati apita kukadya nkhomaliro. Ndinazungulira kuseri, ndipo ndinapeza zenera lili lotsegula pang'ono. A Obed anali atakhala pampando, maso ali otseka, mutu atauweramitsira kumbuyo. Christobel anaima kutsogolo kwawo, atawerama, dzanja lake lili pankhope pawo. Sindinaone chimene anagwira, ndipo sindinafunenso kuchiona. Ndinamumva akunena ndi kamawu kake kaja kuti, "Musafulumire, pumani pang'onopang'ono." Amuna anga anapukusa mutu, iye n'kuwagwira paphewa.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji kunyumba. Lachinayi lotsatira ndinapitanso kwa telala popanda chosoketsa, ndipo galimoto inali pansi pa mtengo womwewo.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinawafunse. Mwamuna ukamufunsa amakana, ndipo akakana wopusa umakhala iweyo. Komanso mkwiyo wanga sunali kwenikweni pa iwo. Unali pa mkazi uja amene ankakhala pakhonde langa, kumwera m'matambula otsuka ine, n'kumaomberedwa m'manja ndi amuna ophunzira. Ndinali nditatsimikiza mumtima kuti za wisiki sadziwa kanthu, amangobwereza zimene amuna anga anena, ndipo kalabuyo analowera mwamuna, osati mowa. Ndinkafuna achite manyazi pamaso pa anthu omwewo.

4

Ndili ndi msuweni wanga ku Kandeu, dzina lake Esnath, amene amatcheza kachasu. Ndinapita kukamuona ngati ndapita kukagula nyemba, ndipo potsanzikana ndinamupempha kabotolo ka kachasu wamutu, woyambirira kudontha uja, amene fungo lake limakupeza usanamupeze. Esnath anaseka mpaka kugwira m'chiuno, akuti kodi alamu atopa nawo mowa wa azungu. Ndinamuuza kuti ndi wotsukira zilonda za nkhuku.

Kunyumba ndinawiritsa tiyi wopanda mkaka n'kudonthezeramo mpaka kachasuyo anafiira ngati wisiki. Nzeru yanga inali yosavuta. Onse ndiwathirira mowa weniweni, koma Christobel yekha ndimupatsa kachasu. Amuna anga akanena za uchi ndi utsi, iye adzavomera monga mwa masiku onse kuti ndi momwemo, ndipo pamenepo ine ndidzatuluka kukhitchini n'kupempha a Silvester kuti anunkhize tambula ya mayi wodziwa mowayo.

Matambula a kalabu ndi ofanana onse, aang'ono, otupa m'munsi koma opapatiza kukamwa, ndipo a Obed anabwera nawo kuchokera ku Cape Town. Kuti ndisasokoneze pa thileyi, ndinasankha imodzi imene inali itabenthuka pang'ono m'mphepete. Ndinadziyamikira kuti ndaganiza mwanzeru.

5

Loweruka limenelo botolo anabweretsa ndi a Ian, mlangizi wa zaulimi. Kunja kunali kozizira monga kumakhalira ku Ntcheu mu Juni, ndipo onse anali m'majuzi. Ndinathira, ndinanyamula thileyi, ndipo fungo la kachasu linkandipeza m'mphuno njira yonse kuchokera kukhitchini. Yobenthukayo ndinaiika pamaso pa Christobel.

Asanaigwire n'komwe, a Obed anatambasula dzanja.

"Mayi a Atikonda, mlendo mwamupatsa yobenthuka? Imeneyo ndi ya mwini nyumba."

Anasinthanitsa matambulawo akumwetulira. Ndinabwerera n'kukaima pakhomo la khitchini, ndikudziwa kuti zanga zada. Akangoiyandikitsa kumphuno adziwa, ndipo andiyang'ana ndi diso limene ndimalidziwa. Ndinayamba kale kukonza bodza loti ndasokoneza mabotolo.

Anaitenga tambulayo, anaizunguza pang'ono, analowetsamo mphuno n'kutseka maso. Anapuma kamodzi, anapumanso kachiwiri. Nkhope yawo sinasinthe. Atatsegula maso anayang'ana Christobel, amene anali atanunkhiza wisiki weniweni m'tambula yake, ndipo mayiyo anagwira ndolo.

"Utsi," anatero amuna anga ndi mawu awo odekha aja. "Uyu ndi wa kuzilumba. Pansi pa utsiwo pali kauchi, ndipo kumapeto kukubwera kamphepo ka nyanja yamchere."

Onse anagwedeza mitu, chifukwa m'matambula mwawo utsiwo unalimodi. Ndinkayang'ana mphuno yotchuka ija ili m'kati mwa kachasu wa Esnath, ikusimba za nyanja yamchere.

A Silvester ndiwo anakhala moyandikana ndi amuna anga. Ndinawaona akukwinya nkhope, akununkhiza tambula yawo, kenako juzi lawo, kenako mpweya. Anafunsa ngati pali amene wadzera kushabini pobwera, ndipo anthu anaseka. Koma mkuluyo sanaseke. Anatsatira fungolo mpaka pa dzanja la wapampando, anapempha tambulayo mwaulemu, ndipo atangoiyandikitsa anabweza mutu msanga.

"A wapampando, uyutu ndi kachasu."

A Obed anaseka poyesa kuti ndi nthabwala. Tambulayo inayenda kuchoka kwa a Silvester kupita kwa a Ian, n'kuzungulira tebulo lonse, ndipo aliyense akanunkhiza ankaipereka kwa mnzake osayang'ana mwini nyumba. Itabwerera kwa iwo anaigwira ndi manja awiri n'kuinunkhiza nthawi yaitali.

Christobel ndiye analankhula. "A Obed, auzeni. Mwatopa nazo izi."

Amuna anga anaika tambula pansi. "Anzanga, ine sindimva fungo lililonse. Chichirireni matenda aja, mphuno yanga inafa."

Zotsalazo anazifotokoza atazolika. Ankaopa kuti akanena, kalabu imene anaiyambitsa okha idzawaona ngati mlendo. Anapita kwa Christobel kukafuna mankhwala, n'kupeza kuti mayiyo amaudziwa wisiki kuyambira ali pasukulu ku Joni, ndipo anamupempha kuti alowe kalabu aziwathandiza mpaka atachira. Ndolo inkatanthauza utsi, mkanda unkatanthauza kutsekemera kwa zipatso, tsitsi linkatanthauza mowa wopepuka, ndipo zina zonse ankangodzaza ndi zimene ankakumbukira. Lachinayi lililonse mayiyo ankawanunkhizitsa khungu la ndimu, masamba a bulugamu, khofi ndi jinja, poyesa kudzutsa mphunoyo.

A Silvester anavula magalasi n'kuwapukuta. Anafunsa motsitsa mawu ngati nthawi yonseyi iwo akhala akuombera m'manja ndolo. Kenako anafunsa kuti kachasuyo walowa bwanji m'tambula, ndipo maso onse anatembenukira kukhomo la khitchini.

"Ndathira ndine," ndinatero. "Tambulayo inali ya mayiyu."

A Obed anaimirira, anawauza anzawo kuti asankhe wapampando wina, n'kulowa m'nyumba. Anadutsa pafupi nane osandikhudza. Alendo anayamba kutsanzika mmodzimmodzi, wisiki wa a Ian ali chikhalire m'matambula. Christobel anali womaliza kunyamuka, ndipo anaima pamaso panga akukonza chikwama chake.

"Mayi, ine amuna anu sindiwafuna. Ndinawauza kambirimbiri kuti akuuzeni."

Akanandimenya mbama zikanakhala bwino. Mkazi wakunja ankachonderera amuna anga kuti andiuze ine za thupi lawo.

6

M'nyumba munalowa chete woopsa. A Obed ankadya, ankathokoza, ankagona atayang'ana kukhoma. Ine manyazi ndinali nawo, sindikana, koma nsanje inali pamwamba pa manyaziwo. Ndinaitanitsa ankhoswe.

Anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi, amalume anga a Nicholas ochokera ku Champiti ndi akulu awo a amuna anga. Ndinafotokoza zonse, za ndolo, za galimoto pansi pa mtengo, za dzanja paphewa. Amalume anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa a Obed ngati anagonapo ndi mayiyo. Anati ayi. Anafunsa ngati anamugulirapo kanthu kapena kumulonjeza ukwati. Anati ayi. Anandifunsa ine ngati ndikukayika zimenezi, ndipo ndinavomera kuti sindikukayika.

"Nanga mlandu uli pati, mwana wanga?"

Alamu anga anati ngati mlandu ulipo ndi wa kachasu, chifukwa mkazi sachititsa mwamuna wake manyazi pakhomo pake pomwe. Ndinatembenukira kwa amuna anga n'kuwafunsa funso limene linkandidya.

"Bambo a Atikonda, chifukwa chiyani munauza iye, osati ine?"

Anayang'ana manja awo. "Sindinapite kukamuuza. Ndinapita kukagula mankhwala a m'mphuno. Iye anandifunsa kuti vutoli layamba liti, ndipo ndinangopezeka ndikulira pakauntala pomwepo. Kwa iye ndinali wodwala basi. Koma inu munkaima pakhomo paja n'kumandiyang'ana ngati ndine munthu wamkulu. Mukanadziwa mukanayamba kundimvera chisoni, ndipo chisoni chanu sindikanatha kuchipirira."

"Munalira?"

"Ndinalira."

Ankhoswe sanamve kulemera kwa mawu amenewo, koma ine anandilasa. Tsiku limene tinaika m'manda mwana wathu woyamba, ine ndinkagubuduka m'fumbi, iwo ataima chilili, maso ali gwa. Pa maliro a mayi awo zinali chimodzimodzi. Ndinali nditavomereza kuti Mulungu anawalenga opanda misozi, ndipo ndinkawakonda choncho. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti misozi anali nayo, kungoti sinali yanga.

Chigamulo chinali chachidule. Ine ndipepese, iwo asiye kupita kusitolo ya mankhwala Lachinayi. Ndinagwada n'kupepesa. Iwo analonjeza, ndipo lonjezolo akulisunga mpaka lero. Amalume ananyamuka akusangalala kuti banja lakonzeka, n'kupempha kachewere woti akadye ku Champiti.

7

Kalabu inasamukira kwa a Silvester, ndipo ndamva kuti wapampando watsopano ndi Christobel. Akuti salakwitsa. Anzawowo anawaitana a Obed kangapo kuti azipita kukangocheza, koma anakana. Loweruka lomaliza la mwezi amakhala pakhonde lakuseri okha, akumvera wailesi.

Amayi anzanga amene mukuwerenga nkhaniyi, ena mwa inu muti ndinapambana, chifukwa mwamuna ali pakhomo ndipo mkazi uja sakumuonanso. Ena muti ndine mfiti, ndipo sindikutsutsani. Koma ndikufunseni, inu amene mumafufuza m'mafoni ndi kununkhiza makolala a malaya: mwakonzekera kupeza chimene chilibe dzina? Chigololo chili ndi bwalo lake, ankhoswe amachidziwa, mpingo umachidziwa, ndipo wolakwa amagwada. Koma mwamuna wako akakalira pamaso pa mkazi wina, palibe kumene ungakasume. Aliyense amakuuza kuti uthokoze Mulungu poti sanachite kanthu.

Ntchito ya Lachinayi ija ndinailanda. M'mawa uliwonse ndimasenda ndimu, ndimathyola masamba a bulugamu, n'kuwakhazika pampando. Amatseka maso momvera, ine ndimawerama n'kuwayandikitsira kumphuno, ndipo ndimawauza kuti apume pang'onopang'ono. Amapuma, amapukusa mutu, n'kunena kuti palibe. Kenako amandithokoza mwaulemu, monga mmene munthu amathokozera namwino.

Iwo amaganiza kuti ndimadikira tsiku limene adzamve fungo la ndimu. Ine ndimadikira kuti atsegule maso ndione ngati muli kanthu. Mpaka lero m'mawa anali ouma.